Kodi Kuganiza Kuchotsa Munthu kwa Mulungu?

Pali funso limene tifunsana kuno kwathu tsiku ndi tsiku osaliyesa lolemera. Mlendo akafika pamudzi, titamyalira mkeka ndi kumpatsa moni, timfunsa kumene achokera, timfunsa mfunda wake ngati ali Phiri kapena Banda, ndipo pambuyo pake titi, "Nanga mupemphera kuti?" Yense ali nalo yankho lake. Wina ati ndine Mkatolika wa ku Nambuma, wina ati ndine wa Sinodi ya Nkhoma, wina Msilamu, ndipo munthu wa ku dambwe amwetulira nati, ine ndine wa mpingo wa Aroni. Koma m'zaka zino layamba kumveka yankho lina limene agogo athu sanalimve. Mnyamata amene makolo ake anamphunzitsa ndi ndalama za fodya abwera ku tchuthi kuchokera ku koleji, lifika tsiku la Mulungu, anthu asamba nabvala, iye akhala pakhonde ndi buku lake, ndipo amake pomfunsa, ayankha mwaulemu kuti, "Amai, ine ndaganiza kwambiri, ndipo ndaona kuti Mulungu kulibe." Pamenepo nyumba yonse ikhala ngati pagwa maliro, ndipo akulu anena mau amodzi, kuti sukulu yamuononga, kuganiza kwamtaya. Mau amenewa ndiwo ndifuna kuti tiwayese bwino mwezi uno. Pakuti ngati ali oona, tiyenera kuleka kutumiza ana ku sukulu, ndipo ngati sali oona, tili kuchimwira ana athu, ndi Mulungu yemwe amene anawapatsa mutu.

Poyamba tiwerenge. Pa kalembera wa anthu wa 2018 boma linapeza anthu oposa 17 miliyoni m'Malawi. Ndipo mwa anthu 100 alionse, 17 anadzitcha Akatolika, 14 a CCAP, pafupifupi 14 Asilamu, ndi ena ambiri a mipingo ina, koma 2 okha anati alibe chipembedzo. Aoneka ochepa, koma m'dziko lonse ndiwo anthu oposa 350,000. Tisaganize kuti onsewa akana Mulungu, iai. Tiwadziwa ena a iwo m'midzi mwathu: analeka kupemphera chifukwa cha mowa, kapena mitala, kapena anakangana ndi akulu a mpingo pa mlandu wa ukwati, ndipo mukawafunsa ngati kuli Mulungu adzadabwa nanu.

Ndiponso tisasokoneze wokana Mulungu ndi munthu amene timtcha wachikunja. Mishoni isanafike ku Mvera mu 1889, kapena ku Likuni mu 1903, makolo athu anatchula kale Chauta, Namalenga, Mphambe. Ndipo mvula ikakana, mafumu anatumiza nsembe ku Msinja, m'tsinde mwa Dzalanyama, kumene Makewana anapempherera dziko. Amishoni sanapeze anthu oti awauze kuti kumwamba kuli Mwini. Mlandu wao unali wakuti Mwiniyo ali wotani, ndipo tifika kwa Iye ndi njira iti. Wokana Mulungu ndi munthu wina. Iye ati kumwamba kulibe mwini, mizimu kulibe, ndipo munthu akafa watha monga nyali itha mafuta. Pambali pake pali mnzake wofatsa, amene sati alipo ndipo sati kulibe, koma ati, "Sindidziwa, ndipo ndiyesa kuti palibe munthu angadziwe." Anthu otere anapatsidwa dzina lao ndi Thomas Huxley wa ku England mu 1869.

Koma pali mtundu wina umene kalembera sangauwerenge, ndipo ndiwo undidetsa nkhawa koposa. Alimi a ku Nsaru ndi ku Kabudula adziwa chimene chichitika ku okushoni ku Kanengo. Belo lifika losokedwa bwino, dzina la mwini ndi nambala yake zolembedwa poyera. Koma wogula sagula dzina. Alowetsa dzanja m'kati, nasolola fodya wa pakati penipeni, ndipo akapeza kuti pamwamba anayala masamba okoma koma m'kati muli zinyalala, belo libwezedwa. Chomwecho alipo munthu wobatizidwa, wa khadi la chopereka losasowa mwezi, amene dzina la mpingo analilandira monga alandira mfunda, osalisankha, osaliganizira ndi tsiku limodzi lomwe. Pogulitsa chimanga achepetsa muyeso, pa mlandu anamizira mnzake, mwana akadwala athamangira usiku kukaombeza. Uyu sanena ndi pakamwa kuti Mulungu kulibe, koma manja ake anena. Ndipo ndiye amene apfuula kwambiri akamva kuti mwana wa mnzake wakana Mulungu.

Tsono kuganiza kumene tikuneneza ndi chiani? M'masukulu akutcha filosofi, mau a Chigriki otanthauza kukonda nzeru. Si chinthu cha Azungu okha. Yense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu wachiona ndi maso. Munthu akati mbuzi iyi ndi yanga, nduna sizibvomera chifukwa chakuti wanena mokweza. Zimfunsa kuti waona wekha kodi, kapena wangomva, mboni yako ndani, ndipo mau ako a lero agwirizana kodi ndi a dzulo? Ndiponso mlandu sauweruza asanamve mbali zonse ziwiri. Wokonda nzeru atenga machitidwe omwewa, nafunsa nao zinthu zazikulu: dziko linachokera kuti, chabwino ndi choipa zisiyana pati, munthu adziwa bwanji kuti chimene adziwa ndi choona. Makolo anati safunsa anadya phula. Ngati kufunsa kuli kokoma pa mlandu wa mbuzi, kudzaipa bwanji pa mlandu wa moyo?

Mbiri ya kale itichenjeza kuti dzina lakuti wokana Mulungu anthu aliponya msanga, ndipo kawirikawiri ligwera munthu wosayenera. M'mudzi wa Athens munali nkhalamba dzina lake Socrates, amene nchito yake inali kufunsa anthu mafunso pamsika. Anamuimba mlandu wakuti salemekeza milungu ya mudziwo ndi kuti asokeretsa anyamata, ndipo m'chaka cha 399 Kristu asanabadwe anampatsa chikho cha mankhwala akupha, namwa, nafa. Ife amene agogo athu anamwa mwabvi timva nkhani iyi ndi mtima wonse. Pambuyo pake Akristu oyamba iwo omwe anatchedwa okana milungu m'dziko la Aroma, popeza analibe mafano ndipo anakana kufukiza lubani kwa Kaisara; ndipo dzinali analipfuula m'masiku amene anatentha nkhalamba Polycarp wa ku Smyrna, ngati chaka cha 155. M'masiku omwewo kunali Justin, amene anayendayenda kwa aphunzitsi a nzeru osiyanasiyana kufunafuna choona, nachipeza mwa Kristu, koma sanabvule chobvala cha okonda nzeru kufikira anamdula mutu ku Roma. Kuganiza kunamtengera iyeyo ku mpingo.

Koma ndisakubisireni chinthu, pakuti mphunzitsi wobisa umboni wa mbali ina adzachita manyazi tsiku limene ophunzira ake adzaupeza okha. Mu 2009 anthu awiri, David Bourget ndi David Chalmers, anafunsa aphunzitsi a filosofi oposa 900 a m'masukulu akulu, makamaka a maiko olankhula Chingerezi, za chikhulupiriro chao. Mwa 100 alionse, pafupifupi 73 anatsamira ku mbali yakuti Mulungu kulibe, ndipo pafupifupi 15 okha ku mbali yakuti alipo. Koma pofunsa iwo amene nchito yao yeniyeni ili kusanthula za chipembedzo, oposa 70 mwa 100 anati alipo. Nanga tidzatani ndi mawerengero awa? Ine nditi sitidzatani nao, pakuti choona sichipezeka ndi kukweza manja. Kuno kwathu 98 mwa 100 ali ndi chipembedzo, ndipo ichi sichitsimikiza kuti Mulungu alipo. Kwao ambiri akana, ndipo ichi sichitsimikiza kuti kulibe. Chimene mawerengero aonetsa ndi chakuti munthu amwa madzi a pa chitsime chimene akhala nacho pafupi. Mnyamata amene akana Mulungu chifukwa chakuti anzake a ku koleji akana, kapena chifukwa cha zimene anamva pa foni yake, sanaganize koposa amake, wangosintha bulangete.

Chifukwa chake tileke kuwerenga mitu, timve zifukwa. Zazikulu zili ziwiri.

Choyamba ndi funso limene ngakhale ana a m'kalasi afunsa: ngati Mulungu analenga zonse, nanga Iye anamlenga ndani? Bertrand Russell, munthu wa nzeru zakuya wa ku Britain, polankhula ku London mu 1927 za chifukwa chake sanali Mkristu, anaulula kuti funso lomweli ndilo linamgwedeza ali mnyamata wa zaka 18. Koma taganizani za moto wa m'mudzi. Madzulo mai apita kukapala moto kwa mnzake, ndipo mnzakeyo anaupala kwa wina, winayo kwa winanso. Ngati nyumba zonse zinangopala, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe imene inali ndi moto wa iyo yokha, mudzi wonse ukadagona mumdima. Ichi ndicho Thomas Aquinas wa ku Italy, amene anafa mu 1274, anaphunzitsa: sanati chinthu chilichonse chiyenera kukhala ndi wochilenga, koma anati zinthu zimene zilandira kukhala kwao kwa zina sizingathe kungobwerekana kosalekeza, payenera kukhala Mmodzi wosabwereka. Kufunsa kuti Iyeyo anabwereka kwa yani ndiko kusamva chimene chanenedwa. Wokana wochenjera adziwa ichi, ndipo ayankha mwina: ati, kapena dziko lenilenilo ndilo moto wosapala. Apa ndipo pagona mlandu. Onse awiri aima pa chinthu chopanda chiyambi. Wina achitcha dziko, wina achitcha Mulungu. Ine poyang'ana dziko ndiona kuti zonse zili m'menemo ziyamba, zisinthika, zitha, ndipo zioneka ngati za wobwereka. Chifukwa chake ndiyesa kuti wokhulupirira waima pa nthaka yolimba koposa. Koma sindinena kuti chifukwa ichi chimanga munthu monga samu ya 2 kuonjeza 2.

Chachiwiri ndi cholemera, ndipo Mkristu wochiyankha moseka sanaikepo mwana m'manda. Chinenedwa kuti chinayamba ndi Epicurus wa ku Greece, amene ophunzira a chiphunzitso chake anatsutsana ndi Paulo ku Athens. Ndipo David Hume wa ku Scotland, dziko lomwelo limene linatumiza amishoni ku Blantyre ndi ku Livingstonia, anachinolanso m'buku limene linatuluka mu 1779, iye atafa kale. Chitero: Mulungu wabwino akadafuna kuchotsa zowawa, Mulungu wamphamvu akadakhoza, nanga zowawa zikhaliranji? Ife a chigawo chino sitisowa buku kuti timve funsoli. Tikumbukira miyezi ya njala ya 2002, pamene anthu anadya gaga ndi mizu ya nthochi, ndi kudula chimanga chisanakhwime, ndipo adzukulu analema ndi kukumba. Amene anafa anali opemphera ndi osapemphera pamodzi, ndipo ana anatsogola.

Gawo lina la yankho lilipo. Zowawa zambiri zichokera m'manja mwa anthu; ndipo pa njala ija chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa njala isanafike, ndipo sanachigulitse Mulungu. Munthu amene sakhoza kusankha choipa sakhozanso kusankha chabwino, akhala ngati ng'ombe ya pa ngolo. Koma yankho ili silifika ponse. Silinena kanthu za khanda lakufa ndi malungo, kapena za mphezi yogwera mtsikana pakhomo. Apa ndiyenera kunena poyera kuti Mkristu alibe yankho lotseka pakamwa pa mnzake. Ali nacho chiyembekezo, ndipo ali naye Mulungu amene analowa yekha m'zowawa napachikidwa. Koma chiyembekezo si samu. M'buku la Yobu, abwenzi atatu amene anali ndi yankho la zonse ndiwo anadzudzulidwa potsiriza pake, ndipo Yobu wofunsa mowawa mtima ndiye anabvomerezedwa. Aquinas yemwe, polemba za kukhalapo kwa Mulungu, anayamba ndi kulemba zifukwa za otsutsa, ndipo choyamba cha izo chinali ichi cha zoipa. Sanaope kuchiika patsogolo pa ophunzira ake. (Ndinena ichi kwa aphunzitsi anzanga amene akalipira mwana wofunsa m'kalasi ndi kumuuza kuti afuna kuyesa Mulungu. Mwana wotere saleka kufunsa. Angoleka kufunsa inu.)

Koma wokana nayenso ali ndi katundu wake wosenza. Pamene ati njala ya ana ili yoipa, sanena kuti iye yekha saikonda, monga munthu sakonda therere. Anena kuti ili yoipa ndithu, ndipo aliyense ayenera kuiona chomwecho. Muyeso umenewu autenga kuti, ngati dziko lili fumbi longogundana lopanda mwini? Ayankha kuti chifundo chili m'chibadwa cha munthu, ndi kuti anthu okhala pamodzi anaphunzira okha kuti kusamalana kusunga mudzi. Yankho ili lifotokoza bwino chifukwa chake timva chifundo; koma kwa ine silifotokoza chifukwa chake munthu wamphamvu, amene akhoza kudya za amasiye osagwidwa, ayenera kuleka.

Pamenepa tichenjere, tingadumphe kuchokera pa mtsutso kufikira pa bodza. Kunena kuti wokana Mulungu asowa maziko a muyeso wake si kunena kuti iye ndi munthu woipa. Imvani nkhani ya m'dziko lathu lino. Lamulo la za ufiti la 1911 liletsa kutchula munthu mfiti, liletsa mwabvi, liletsanso nchito ya ofufuza mfiti. Koma mu 2010 munali m'ndende za Malawi anthu ngati 80, ambiri a iwo nkhalamba, omangidwa pa milandu ya ufiti, ena kufikira zaka 6, kawirikawiri pa umboni wa ana aang'ono. Munthu amene anaimirira poyera kuwanenera, nayenda m'ndende, nadandaulira boma kuti awamasule, anali George Thindwa wa bungwe la Association for Secular Humanism, munthu wodziwika m'dziko lonse kuti sakhulupirira Mulungu. Ndipo mu January 2016, ku Neno, mphezi itapha mtsikana, anthu a m'mudzi anapha nkhalamba 4 za pa mtundu wake pozinenera ufiti. M'dziko limene 98 mwa 100 ali ndi chipembedzo, kodi tiyesa kuti oneneza agogo awa ndi oponya miyala anali okana Mulungu? Ambiri a iwo akadafunsidwa kuti mupemphera kuti, akadayankha msanga. Chimene anasowa sichinali dzina la mpingo. Anasowa munthu mmodzi woima pakati ndi kufunsa funso la pa bwalo, kuti mwaona ndi maso kodi, mboni yenu ndani? Wokana uja anafunsa, ndipo ndiyesa kuti pa chinthu ichi anachita chifuniro cha Mulungu amene iye amkana, pamene ambiri obvomereza anakhala chete.

Chifukwa chake mwambo umene wafala wakutcha munthu wotere wa Satana uleke pakati pa Akristu. Ndi umboni wonama, pakuti amene sabvomereza Mulungu sabvomerezanso Satana; ndiponso m'midzi yathu mau otere akhoza kuphetsa munthu. Malamulo akulu a dziko a 1994, pa ndime 33, apatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, wa chipembedzo ndi wa maganizo. Koma Mkristu sayenera kudikira boma kuti limuuze chimene adziwa kale, kuti chikhulupiriro chokakamiza si chikhulupiriro.

Kwa amai amene ali ndi mwana wotere ndikumbutsa za Monica, mkazi wa ku Africa kuno, wa dziko limene lero litchedwa Algeria. Mwana wake Augustine, wobadwa mu 354, anapita ku sukulu ku Carthage, nasiya chikhulupiriro cha amake, natsata chiphunzitso china zaka 9, ndipo pambuyo pake anafika pokayika ngati munthu akhoza kudziwa choona chilichonse. Poyamba Monica anakana kudya naye pamodzi. Koma anabweza mtima namlandiranso m'nyumba. Anapempha bishopu wina kuti akatsutsane naye, koma bishopuyo anakana, nati amleke awerenge, pakuti kuwerenga komweko kudzamuonetsa polakwa. Augustine anabatizidwa ku Milan mu 387, nakhala mmodzi wa aphunzitsi akulu a Eklesia. Sindilonjeza kuti mwana aliyense adzabwera chomwecho. Ena sadzabwera konse, ndipo adzafa m'maganizo ao. Koma wopitikitsidwa pa mbale ya nsima ndiye abwera mobvuta koposa.

Latsala funso limene akulu a mpingo akumana nalo, ndilo la maliro. Munthu amene ananena poyera, ali ndi nzeru zake zonse, kuti safuna pemphero, mpingo suyenera kumnamizira pa manda ndi kumuimbira monga mmodzi wa iwo. Kutero ndiko kunyoza mau ake ndi kupeputsa nyimbo zathu. Koma maliro ndi a mudzi asanakhale a mpingo. Mfumu ipereka malo, adzukulu akumba, ndipo safunsa khadi. Chomwecho Akristu apite monga anansi: amai atenge ufa ndi nkhuni, abambo agone pa siwa, chipepeso chiperekedwe monga mwa masiku onse. Ndipo ngati amake a malemu ali Mkristu, akulu a mpingo adzapite kwa iwo m'mawa mwake, anthu atabalalika, kukapemphera nao m'nyumba.